Cipale Coyamba pa Mapiri ndi Ngozi Yace Yobisika

(Nkhani imene mmodzi wa aphunzitsi athu acinyamata anakamba pa msonkhano wa cigawo)



 Ine ndine mwana pakati panu. Ambiri a inu munagwira coko ine ndisanadziwe kulemba dzina langa. Cotero cimene ndadzera ndico kuulula colakwa cimene ndinacita m'kalasi mwanga, ndi kukuuzani zimene ndinapeza pamene ndinafuna kucikonza.

Tsiku lina ndinali kuphunzitsa ana a Giredi 6 za mapiri akulu a dziko lapansi. Ndinawaonetsa cithunzi ca mapiri a Alps a ku Ulaya, oyera mbuu ndi cipale cofewa, ndipo ndinawauza kuti nthawi zina cipale cimeneci cimagumuka, nicitsika phiri ndi liwiro loopsa, nicikwirira anthu ndi nyumba. Angelezi acha ngozi imeneyi avalanche, mau amene anabwereka ku Cifalansa. Ife lero tiiche cigumukire ca cipale. Mtsikana wina anaimika dzanja nati, "Aphunzitsi, kodi ngozi imeneyi imayamba liti?" Ine ndinayankha msanga, monga acita munthu woopa kuoneka wosadziwa: "Imayamba pakati pa nyengo yozizira, cipale citaculuka. Poyamba cimakhala cocepa, ndipo cocepa sicipha munthu." Ana onse analemba mau amenewo m'makope mwao, ndipo ine ndinawacongera ndi inki yofiira.

Patapita masabata angapo ndinayamba kuwerenga za nkhaniyi, ndipo manyazi anandigwira, pakuti yankho langa linali labodza. Zoona zace ndi izi: cipale coyamba kugwa, ngakhale cikhale copyapyala, ndico cimene kawiri-kawiri cimaika maziko a ngozi za nyengo yonse. Cimatha kupha m'masabata oyamba omwewo, ndipo cimathanso kudikira pansi miyezi itatu kapena inai cisanaphe. Ndiloleni ndifotokoze m'mene izi zimacitikira.

1. Kodi cipale cofewa n'ciani?

Ife kuno tidziwa matalala amene amaboola masamba a fodya ndi a maungu, tidziwanso cisanu cimene cimawaula ndiwo m'madimba mu Juni ndi Julayi. Cipale cofewa cisiyana nazo zonsezi. Cimapangika m'mitambo pamene nthunzi ya madzi iuma ndi kuzizira, nisanduka tinthu tating'ono ta nthambi zisanu ndi imodzi, tonga tinyenyezi. Timeneti timagwa pang'ono-pang'ono ngati thonje loulutsidwa ndi mphepo. Cipale congogwa kumene ndi mpweya wokha-wokha: mukadzaza bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi mu msinkhu, cidzalemera ngati makilogalamu 100, ndiko kunena matumba awiri a cimanga, pamene madzi odzaza bokosi lomwelo alemera makilogalamu 1,000.

M'maiko a kumpoto kwa dziko lapansi nyengo yozizira imayamba pamene ife tiri kusosa m'minda ndi kuyang'ana kumwamba. Cipale coyamba cimagwa pa mapiri mu Okutobala kapena Novembala, ndipo cimapitiriza kugwa kufikira Malichi kapena Epulo. Sicigwa tsiku limodzi. Mkuntho uliwonse umayala muyalo wace pamwamba pa wa mnzace, monga mphasa zosanjikizana, ndipo muyalo uliwonse uli ndi makhalidwe ace: wina wolimba, wina wofewa, wina woterera. Cinanso cimene tiyenera kugwira ndi cakuti cipale sicikhala monga cinagwera. Tinjere tace timasinthika usana ndi usiku, tina nkumagwirana, tina nkumalekana.

2. M'mene cipale coyamba cimaolera pansi

Apa ndipo pagona nkhani yonse. Tiyerekeze kuti mu Okutobala cipale cagwa pa phiri, cakuya masentimita 30 cabe, kenaka kumwamba kwayera masabata atatu osagwa cina. Nthaka ya pansi pace ikali ndi kutentha kumene inasunga m'cilimwe, ndipo popeza cipale cimafunda nthaka ngati bulangete, pansipo pamakhala pafupi ndi madigiri 0. Koma pamwamba pace, usiku wopanda mitambo, kuzizira kumafika madigiri 15 kapena 20 pansi pa 0. Cotero m'kampata kakang'ono, kosafika ndi pa bondo pomwe, pansi pali pofunda ndipo pamwamba pali pozizira koopsa.

Amai adziwa cimene cimacitika akavundikira mphika wa madzi otentha: nthunzi imacoka pa madzi nikakhala pa civundikiro cozizira. M'cipale mumacitika zofanana. Nthunzi imacoka pa tinjere tofunda ta pansi, nikaumira pa tinjere tozizira ta pamwamba pace, ndipo imatero kucokera pa kanjere kupita pa kanzace, usiku ndi usiku. Mwa njira imeneyi tinyenyezi tija timatha, ndipo m'malo mwace mumamera tinjere tatikulu ta ngodya zakuthwa, tina tokhala ngati timakapu topanda kanthu m'kati. Tinjere totere sitigwirana konse. Munthu akatitapa ndi dzanja kuti aumbe mpira, timangoyoyoka pakati pa zala, ndipo n'cifukwa cace anthu a kumeneko amatifanizira ndi shuga.

Akatswiri anapeza malire ace: kusinthika kumeneku kumayamba mwamphamvu pamene kusiyana kwa kutentha kupitirira madigiri 10 pa mita imodzi ya kuya kwa cipale. Pano pali samu imene mwana wa Giredi 6 angathe kuicita. Ngati pansi pali 0 ndipo pamwamba pali 15 pansi pa 0, kusiyana kwace ndi madigiri 15. M'cipale cakuya masentimita 150, ndiye kuti madigiri 10 pa mita, pa malire peni-peni. Koma m'cipale cakuya masentimita 30, ndiye kuti madigiri 50 pa mita, kasanu kuposa malire aja. Muone tsono kuti kucepa kwa cipale, kumene ine ndinauza ana kuti ndiko citetezo, ndiko komwe kumaciononga. Caka cimene cipale ciyamba mocedwa nicigwa cambiri nthawi imodzi, maziko amakhala olimba. Caka cimene ciyamba msanga, cocepa, nicilekeza, maziko amakhala a shuga.

Pa mitsetse yoyang'ana ku dzuwa, cipale coyambaci cimasungunuka nicitha. Cimene cimatsala ndi ca pamwamba pa mapiri ndi ca kumthunzi, ndiko kunena mitsetse yoyang'ana kumpoto m'maiko amenewo. Tisunge mfundo imeneyi, pakuti tidzaifunanso.

3. Denga lolemera pa mizati yofumbwa

Cipale conga shuga pacokha sicicita ngozi yaikulu. Ngozi imabwera pamene mkuntho waciwiri uyala muyalo wina pamwamba pace, makamaka ngati kuli mphepo. Mphepo imakokolola cipale kumbali imodzi ya phiri, nicipera, nikaciunjika kuseri, kumene cimagwirana ndi kukhala cibuma cimodzi cathyathyathya, cotambalala ngati bwalo la mpira kapena kuposa. Tsopano pa phiri pali denga lolemera lokhala pa mizati yodyedwa ndi ciswe. Woyang'ana pamwamba aona kuyera kosalala kokha-kokha. Makolo athu anati cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere.

Kuti cibuma cimeneci citsike pafunika zinthu zina ziwiri. Coyamba ndi kupendekeka kwa mtsetse. Zigumukire zambiri zimayamba pa mitsetse yopendekeka madigiri 30 kufikira 45. Pamalo osafika 30 cipale sicitsetsereka kawiri-kawiri, ndipo pamalo oima kwambiri cimayoyoka pang'ono-pang'ono cisanaunjikane. Caciwiri ndi coyambitsa. Nthawi zina ndi kulemera kwa cipale catsopano, kapena mvula, kapena kutentha kwadzidzidzi. Koma pa ngozi zimene zimapha oyenda m'mapiri, pafupi-fupi zisanu ndi zinai mwa khumi zimayambitsidwa ndi munthu wokwiriridwayo kapena mnzace wa pa ulendo. Phazi lace limaphwanya muyalo wa shuga pamalo amodzi, ndipo kuphwanyikako kumathamanga pansi-pansi kumbali zonse m'kamphindi. Nthawi zina pamamveka kugunda kwa pansi, kuti "fuu", pamene denga likhala pansi ndi kutulutsa mpweya. Munthu angathe kukhala pacidikha m'munsi mwa phiri, nayambitsa cigumukire cimene cidzamtsikira kucokera kumwamba.

Cibuma cikathyoka, m'masekondi owerengeka cimathamanga makilomita oposa 100 pa ora. Cikaima, cimauma gwa. Bokosi lija limene linalemera matumba awiri a cimanga tsopano lilemera matumba asanu ndi limodzi kufikira khumi, ndipo wokwiriridwa sangathe kugwedeza ngakhale dzanja.

Pali zinanso zitatu zimene zimaonjezera kuopsa kwa masabata oyamba. Coyamba, popeza cipale cikali cosaya, kulemera kwa munthu kumafika msanga pa muyalo wofooka. Pamene muyalowo wakwiririka kupitirira mita imodzi, phazi silimaufikira kawiri-kawiri. Caciwiri, miyala, zitsa ndi matanthwe zikali poyera, cotero ngakhale cigumukire cacing'ono cimamkhulula munthu pa miyala nicimthyola mafupa. Cacitatu ciri m'mtima mwa munthu. M'maiko amenewo muli anthu ambiri okonda masewera otsetsereka pa cipale atamanga ku mapazi matabwa aatali ochedwa ski. Iwo amadikira miyezi yonse ya cilimwe ndi cilakolako, ndipo cipale cikangooneka amathamangira kumene ciri cokwanira kutsetserekapo. Nanga n'kuti kumeneko? Ndi pamwamba paja ndi kumthunzi kuja, kumene cipale ca Okutobala cinatsala nicisanduka shuga.

4. Zimene zinacitika

Pa 13 Novembala 2011, ku mapiri a Wasatch m'cigawo ca Utah ku Amereka, kunafa munthu wochuka pa masewerawa dzina lace Jamie Pierre, wa zaka 38. Ameneyu sanali mlendo m'mapiri. Mu 2006 analumpha thanthwe lalitali mamita oposa 70 nakhala ndi moyo. Tsiku limenelo anapita ndi mnzace ku malo a masewera ochedwa Snowbird. M'nyengo ya masewera anchito a malo otere amagumula dala cipale coopsa ndi zophulitsa m'mamawa, anthu asanafike. Koma tsikulo malowo anali asanatsegulidwe, ndipo nchito imeneyo inali isanayambe. Pansi panali cipale cakale ca Okutobala cimene cinali citaola, pamwamba panali catsopano counjikidwa ndi mphepo. Cibuma cinathyoka pa mapazi ace, nicimkokera pa miyala ndi pa matanthwe, ndipo anafa ndi mabala.

Pa 7 Okutobala 2017, ku phiri la Imp Peak m'cigawo ca Montana, mnyamata ndi mtsikana, onse awiri akatswiri okwera matanthwe, anali kukwera mtsetse pamene cigumukire cosakula kweni-kweni cinawatenga. Mtsikanayo anakwiririka yense. Anali nako kawailesi kamene oyenda m'cipale amavala kuti anzao awapeze akakwiririka, koma kanali m'cikwama, kosayatsa. Mnzaceyo anafuna-funa osampeza, ndipo mtembo unapezedwa ndi ena pambuyo pace. Mwezi unali wa Okutobala, nyengo yozizira isanayambe ndi pa kalendala pomwe.

Kuti cipale coyamba cimadziwa kudikira, cinaoneka m'nyengo ya 2020 kufikira 2021 kumadzulo kwa Amereka. Cinagwa msanga cocepa, kenaka kunauma nthawi yaitali, maziko naola. Mikuntho yaikulu itafika mu Febuluwale, mapiri anayamba kugumuka m'zigawo zambiri. Pa 6 Febuluwale 2021 anthu anai anafera pamodzi m'cigwa ca Mill Creek pafupi ndi Salt Lake City. Nyengo imeneyo inatha ndi maliro 37 m'dziko lonselo, 12 mwa iwo m'cigawo ca Colorado cokha. Ambiri a iwo anafa pakati pa nyengo yozizira, monga ndinauzira ana anga, koma cimene cinawapha cinayalidwa kuciyambi.

5. Mkuntho wofika anthu asanakonzeke

Pali njira yaciwiri imene masiku oyamba amaphera, ndiyo cipale cambiri cogwa nthawi imodzi pamene anthu sali kuciyembekeza. M'Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse asilikali a Italy ndi a Austria-Hungary anali kumenyana pamwamba pa mapiri a Dolomites. Pa phiri la Marmolada, lalitali mamita 3,343, asilikali a Austria-Hungary anamanga misasa pa malo ochedwa Gran Poz, m'tsinde mwa matanthwe, kumene mizinga ya adani sinali kufika. Kuciyambi kwa Disembala 1916 cipale cinagwa masiku ambiri osaleka. Kapitao wa pa msasapo, Rudolf Schmid, anaona ngozi, napempha akulu ace kuti amlole kusamutsa anthu, koma anamkaniza. Kenaka kunabwera mphepo yofunda ya cinyontho yocokera ku nyanja ya Mediterranean, cipale nicilemera. Pa 13 Disembala, m'bandakuca, phiri linagumukira pa misasa ija nilipha asilikali oposa 200. Mabuku ambiri awerenga 270. M'masiku omwewo zigumukire zina zinapha asilikali zikwi za mbali zonse ziwiri. Mabuku a Cingelezi acha tsiku limeneli White Friday, ngakhale kuti linali Lacitatu. Ici citikumbutsa ife aphunzitsi kuti cosindikizidwa naconso cifuna kupendedwa.

Cofanana naco cinacitika ku Nepal mu 2014. Okutobala kumeneko ndi mwezi wouma ndi wa kumwamba koyera, pamene alendo ambiri amayenda ulendo wozungulira mapiri a Annapurna. Pa 12 Okutobala namondwe wochedwa Hudhud anaomba gombe la kum'mawa kwa India, ndipo cinyontho cace cinakwera kumpoto kufikira ku mapiri a Himalaya. Pa 14 Okutobala cipale cinagwa mwaukali pa mpata wa Thorong La, umene uli mamita 5,416 pamwamba pa nyanja, ndi m'zigwa zoyandikana nao. Anthu osacepera 43 anafa, ena ndi zigumukire, ena ndi kuzizira atasokera njira. Mwa iwo munali alendo, owatsogolera, onyamula katundu ndi abusa a ziweto. Ambiri ananyamuka m'mawa umenewo osadziwa kuti kuli namondwe, atavala zoyenera mwezi wouma.

6. M'mene eni mapiri amadzitetezera

Anthu a ku Switzerland ndiwo anatsogola pa kuphunzira cipale mwadongosolo. Mu 1936 anayamba kucipenda pa phiri la Weissfluhjoch pamwamba pa mzinda wa Davos, ndipo bungwe limene linakula kucokera pamenepo, lodziwika ndi zilembo zakuti SLF, lakhala likufalitsa macenjezo a zigumukire kuyambira 1945. Anchito ace ndi a mabungwe onga ilo amakumba maenje m'cipale kufikira pa nthaka, nayesa muyalo uliwonse ndi cibakera, ndi cala, ndi pensulo kapena mpeni, nayang'ana tinjere ndi galasi lokuzira zinthu. Sakhulupirira maonekedwe a pamwamba. Mu 1993 maiko a ku Ulaya anagwirizana pa muyeso umodzi wa ngozi wa masitepe asanu, kuyambira 1, ngozi yocepa, kufikira 5, ngozi yaikulu koposa. Codabwitsa n'cakuti ku Switzerland pafupi-fupi theka la akufa amafa pa sitepe 3. Pa 4 ndi pa 5 aliyense aona yekha kuti kwaipa nakhala m'nyumba. Pa 3 kunja kuli bwino, ndipo ngozi iri pansi.

Woyenda m'mapiri amalangizidwa kuwerenga cenjezo la tsikulo asananyamuke, kupewa mitsetse yopitirira madigiri 30 pamene maziko ali ofooka, ndi kubwerera akamva kugunda kuja, akaona ming'alu yothamanga kucokera pa mapazi ace, kapena akaona pamene pagumuka catsopano. Pa malo okaikitsa gulu limaoloka mmodzi-mmodzi, kuti wina akatengedwa ena atsale omfukula. Aliyense amanyamula zida zitatu: kawailesi kaja kovala pathupi, ndodo yaitali yopinda yobayira m'cipale, ndi fosholo.

Cifukwa ca zida zimenezi ndi nthawi. Mu 1994 akatswiri anapenda mbiri ya anthu amene anakwiriridwa ku Switzerland, napeza kuti mwa ofukulidwa asanathe maminiti 15, anthu 92 pa 100 anali amoyo, koma pofika maminiti 35 amoyo anali 30 okha pa 100. Atapendanso mu 2024, anapeza kuti nthawi yabwinoyo ndi yaifupi koposa, maminiti 10 cabe. Ambiri amafa ndi kubanika. Cotero opulumutsa ocokera kumudzi, ngakhale abwere pa ndege, kawiri-kawiri amafika mocedwa. Amene apulumutsa munthu ndi mnzace amene anali naye, ngati zida ziri m'manja ndipo anazolowera kuzigwiritsa nchito. Kuciyambi kwa nyengo ndi pamene mabatire amakhala akale, manja ataiwala, ndi zida zitatsala kunyumba.

7. M'mene tingaphunzitsire ana athu

Mwina wina afunsa kuti, nanga ana a kuno, kumene ngakhale pa mapiri a Mafinga sipakhala cipale, apindulanji ndi zonsezi? Yankho langa ndi lakuti mapiri a dziko lapansi ali m'maphunziro athu, ndipo cimene tiphunzitsa tiyenera kuciphunzitsa moona. M'nkhani imodzi yomweyi muli sayansi ya nthunzi, samu ya kugawa, muyeso wa ngodya, ndi mbiri. Nayi njira imene ine ndinabwerera nayo m'kalasi, ndipo siifuna ndalama.

Tengani matabwa awiri osalala ofanana. Umbani zibuma ziwiri za dongo, zathyathyathya ngati buku, ndi kuzisiya kuti ziumeko pang'ono. Pa thabwa loyamba ikani cibuma pa thabwa peni-peni, ndi kucikanikiza. Pa laciwiri yambani mwawaza mawere ouma kapena mcenga wa kumtsinje, muyalo wopyapyala, ndipo cibuma cikhale pamwamba pace. Citani izi ana asanalowe, ndipo wazani ufa pang'ono pamwamba ndi m'mbali kuti matabwa onse awiri aoneke cimodzi-modzi. Funsani ana kuti ndi citi cimene cidzayamba kutsetsereka, ndipo alembe maganizo ao. Kenaka ana awiri akweze matabwawo mbali imodzi pang'ono-pang'ono, wacitatu ali kuyeza ngodya. Cibuma ca pa mawere cidzatsika conse nthawi imodzi, cinzace cikali phee. Muwauze ana poyera kuti ngodya ya pa thabwa siidzafanana ndi ya pa phiri, pakuti dongo si cipale. Cimene tifuna kuti aone ndi cakuti cogamula mlandu cinali pansi, pamene maso ao sanafikepo.

Titatha kucita izi, ndinauza ana kuti atsegule makope ao pa tsamba lija, ndipo ndinati, "Mau amene ndinakulembetsani apa ndi olakwa, ndipo wolakwa ndine. Afafanizeni." M'kalasi munali zii, pakuti sanazolowere kumva mphunzitsi akutero. Mtsikana uja anafunsanso kuti, "Nanga mawerewo anali ocepa bwanji, aphunzitsi, koma n'kugwetsa cibuma conse?" Ndinamuuza kuti alembe funso laceyo pa bolodi, ndipo kalasi lonse linaliyankha lokha.

Potsiriza, Bambo Wapampando, ndipempha zinthu ziwiri. Coyamba, pamene tiphunzitsa za mapiri a cipale, tisaleke pa cithunzi cokongola. Tiwauze ana za miyalo, za nthunzi yokwera kucokera pansi, ndi za anthu amene amakumba maenje m'cisanu kuti acenjeze anzao. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo pa Marmolada wocenjeza analipo, koma womvera ndiye anasowa. Caciwiri, mwana akatifunsa funso limene sitinalikonzekere, tisacite monga ndinacitira ine. Kuli bwino kunena kuti, "Ndikafufuze, ndidzakuyankha mawa," kusiyana ndi kulembetsa ana makumi anai cinthu cimene tangociganizira tiri ciimire. Ana a Giredi 6 amakhulupirira inki yofiira ya mphunzitsi, ndipo cimene talemba pansi pa maphunziro ao, aphunzitsi a m'tsogolo adzamangapo osaciona.